Tsiku Limene Tinazimitsa Chigayo Magetsi Alipo

Tawaika m'manda a Matewere Loweruka lapitali. Amene akufuna kulira alire, ine misozi yanga ndathira kale kumanda komweko, tsopano ndikufuna kuwatama. Ndiwatame bambo aja, ndiwatame ndithu! Anzanga a kumvano akuti, iwe Esinati, tizilembo tako ta sukulu ya kwacha tija tinganyamule munthu wamkulu ngati uja? Ndati tinyamula. Tikapindika tipindike, tikagwa tidzuke, bola tinene zimene zinachitika.

Inu amene simunawaone, tamverani. Mukatsika minibasi pa Migowi n'kutenga njira yoloza kuphiri, mupeza chigayo cha khoma lotuwa ndi ufa. Pakhonde pa chigayocho, kumanzere kwa chitseko, ndi pamene ankakhala. Ntchito yawo inali yokhoma zidebe. Chidebe chikabooka, ndowa ikathothoka chogwirira, poto akayamba kudontha, tinkapita nazo kwa a Matewere, iwo n'kumakhoma, kho kho kho, chigayo chikulira kumbuyo kwawo, osamvana ngakhale moni. Anali aafupi, akuda bii, mutu wonse imvi, magalasi omanga ndi waya mbali imodzi. Ndipo malaya oyera tsiku lililonse. Oyera, pa ntchito ya dzimbiri! Ukawafunsa ankati anazolowera ali khukhi wa azungu, kumene munthu wa malaya akuda saloledwa kukhudza mbale.

Kuti munthuyu ali ndi bokosi lodzaza mabuku pansi pa bedi, sitinkadziwa. Tinadziwa zaka zija magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tinkafika ndi matumba athu, tandanda mzere, chigayo zii. Kubwerera kunyumba n'kutali, ukachoka malo ako atenga wina. Ndiye tinkakhala, tinkakhala, miseche n'kutha, n'kuyamba kudyana tokhatokha.

Tsiku lina kunatentha koopsa. Amayi awiri anayamba kukokerana thumba, uyu ndinali patsogolo ndine, uyu wanama, mpaka mipango kugwa. A Matewere anaika nyundo pansi. Anazungulira kuseri kumene kunali kanyumba kawo, anabwera ndi kabuku kofiira kothothoka chikuto, anakhala, anatsokomola.

“Amayi, pepani, ndikusokonezeni pang'ono. Muno m'bukumu mwafa munthu. Amupeza m'chipinda, chitseko chokhoma, kiyi ali m'kati. Ine ndazunguzika nazo. Tandithandizani, wamupha ndani?”

Thumba lija analisiya onse awiri. Mmodzi anati, kiyi ali m'kati bwanji? Wina anati, nanga zenera? A Matewere anati zenera ndi lokhoma, koma tiyeni tiyambire poyambira. Tinasendera. Ee, tinasendera, ndipo sitinabwererenso m'mbuyo zaka zambirimbiri.

Mabukuwo anali a Chingerezi, Chingerezi chakale cha azungu a zipewa zazitali, nkhani za kupha ndi kufufuza zokhazokha. Iwo maso ali pa Chingerezi, pakamwa pakutuluka Chichewa, zikafika pothina Chilomwe n'kulowa chokha. Chala chikuyenda pansi pa mzere ngati nyerere. Mawu a bwana ankawatulutsira m'mphuno. A dona ankawapyapyalitsa. A wapolisi wa kumudzi wosadziwa kanthu ankawanenepetsa mpaka ife kugubuduka ndi kuseka. Mtembo ukatsala pang'ono kupezeka ankavula magalasi, n'kumapukuta, n'kumapukuta, ife mitima thi thi thi, mpaka wina kukuwa, agogo valani magalasiwo, mutipha!

Zachilendo ankatimasulira. Ati kwa azunguko kumagwa mvula yoyera yofewa ngati ufa wotayika, munthu akaponda phazi limatsala, ndiye wakupha amaiopa mvula imeneyo. Ife tinamva msanga. Si pakhonde pomwepo tinkadziwira mapazi a mu ufa kuti kwabwera mbuzi kapena galu? Wofufuza milandu m'buku lililonse anali ndi dzina lake lothyola lilime, koma ife onsewo tinkangowatchula a Kanunkhiza. A Kanunkhiza alowa! A Kanunkhiza awerama, atola kanthu! Amayi, khalani chete, a Kanunkhiza akuganiza!

Anali ndi malamulo awo bambo aja. Sankawerenga okha kutsogolo. Ankati kutero kuli ngati khukhi kudya nyama ya alendo kukhitchini alendowo asanakhale pa tebulo. Magetsi akayaka pakati pa mawu, ankaika kamtengo ka machesi pamenepo, buku tseke, nyundo m'manja, ngakhale tiwachonderere chotani. Ndipo buku likatsala pang'ono kutha ankalitseka dala, n'kundandalika zivindikiro za zitini pakhonde. Ichi cha mkazi wa malemu, ichi cha dokotala, ichi cha mlendo uja anabwera pa sitima. Aliyense atape njere imodzi ya chimanga m'thumba mwake, aponye pa chivindikiro cha munthu amene akumuganizira. Iwonso ankaponya yawo, pomaliza. Mphotho panalibe, koma wolondola ankayenda monyang'wa sabata yonse, ngakhale pa mjigo ankamupatsa malo.

Ndiye tamvani zodabwitsa. Dziko lonse likudandaula magetsi, ometa akudandaula, owotcherera zitsulo akudandaula, ife chigayo chikangoti phwii kuzima, nthungululu! Ine chimanga chogaitsa kamodzi ndinkachigawa patatu. Malemu bambo a kunyumba kwanga ankati, kodi iwe unakwatiwa ndi ine kapena ndi chigayo? Ndinkati ndi nonse awiri bambo, koma chinacho chimadziwa kukhala chete.

Mkulu wina wa mpingo anabwera kudzawadzudzula, ati mukuphunzitsa akazi a eni kupha amuna awo ndi mankhwala. A Matewere sanakweze mawu. Anayankha kuti m'mabuku amenewa munthu akafa mwadzidzidzi sathamangira kuloza nkhalamba ya pamudzi kuti ndiyo mfiti, amayamba afunsa: unali kuti, unaona chiyani, inali nthawi yanji. Ngati kuphunzitsa amayi kufunsa kotero ndi tchimo, iwo alivomera. Anamupatsa mkuluyo mpando wawo kuti amve mutu umodzi aweruze yekha. Anamva mutu umodzi. Mawa lake anabwera ndi thumba la chimanga pa njinga, ati mayi kunyumba mwendo ukuwavuta. Mayiwo tinawaona madzulo akutunga madzi, miyendo yonse iwiri ili bwinobwino.

Tsopano ndikuuzeni za a Namaona, chifukwa popanda iwo nkhaniyi siyenda. A Namaona amagulitsa kalongonda pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi chigayo, nyemba zathu zija zofuna kuphika tsiku lathunthu n'kumataya madzi, apo ayi zikuzunguza mutu mpaka kukugwetsa. Chilembo sadziwa ngakhale chimodzi, koma mutu, mayo ine! Njere yawo inkagwa pa chivindikiro cholondola kawirikawiri kuposa ya mwini mabuku. Ankakangana awiriwa ngati ana a mimba imodzi, a Namaona akuwaitana a Matewere kuti a Khukhi.

“A Khukhi, bwererani pamenepo. Mtsikanayo wati anatuluka nthawi yanji?”

“Achemwali, buku lili m'manja mwanga, ndikudziwa pobwerera.”

“M'manja mwanu muli buku, nzeru zili pansi pa mango.”

“Nzeru zonunkha utsi.”

“Bwererani!”

Ndipo ankabwerera.

Koma panali chivindikiro chimodzi chimene njere ya a Matewere sinagwepo: cha khukhi, kapena cha wantchito aliyense wa m'nyumba. Wina akaponyapo sankaletsa, koma nkhope inkagwa. Chifukwa chake tinachimva kwa malemu akazi awo. Ali khukhi ku esiteti ina ya tiyi kuseri kwa phiri, mphete ya dona inasowa. Sanafunse wina aliyense. Anagwira khukhi, anamuvula malaya pamaso pa antchito onse, anagona masiku atatu m'chitokosi. Mphete inapezeka m'thumba la jasi la dona mwini wake. Bwana, manyazi, anawapatsa bokosi la mabuku lija kuti likhale pepani. Iwo bokosi analandira, ntchito anaikana, analumbira kuti kuseri kwa phiri sadzapondakonso. Anakalamba osapondako. Ankati chala chikafuna poloza m'nyumba ya olemera chimayambira kukhitchini, ndipo iwo sadzachithandiza.

Ndiye linabwera buku limene ife timalitchula la mkaka. Mkulu wina wachuma, wouma mtima, ankamwa mkaka wotentha asanagone. M'mawa amupeza wauma. M'nyumbamo munali mphwake wolakalaka nyumbayo, mkazi wachiwiri wachitsikana, dokotala, ndi khukhi wokalamba amene anamutumikira zaka zambiri. Tinalidya bukulo masabata atatu, magetsi akungoyaka poipa. Tsiku la zivindikiro, a Matewere asanamalize kundandalika, a Namaona anali ataima kale.

“Ndi khukhi.”

“Mwayamba.”

“A Kanunkhiza atalowa kukhitchini anapeza chiyani? Mbale zakuda, mapoto akuda, kapoto kamodzi kokha ka mkaka kotsukidwa, kopukutidwa, kopachikidwa. Munthu wotopa amasiya zonse. Munthu waukhondo amatsuka zonse. Wotsuka kamodzi ali ndi nkhani ndi kapotoko.”

“Achemwali, munaphikapo mkaka inu? Mkaka ukagona m'poto umamata, umanunkha. Khukhi aliyense wodziwa ntchito amatsuka ka mkaka nthawi yomweyo. Ine ndatsuka kotero zaka khumi ndi zisanu. Ndapha angati?”

“Nanga madzi otsukirawo anakawatayiranji kuseri kwa mpanda, ngalande ili pakhomo pomwepo? Ine madzi oyamba a kalongonda ndimakataya kutali chifukwa ndikudziwa chimene chili m'madzimo, nkhuku zingamwe.”

Tinaponya. Njere zambiri zinagwa pa mphwake, yanga pomwepo, ya a Matewere pomwepo. Pa khukhi panagwa imodzi yokha. Anatsegula buku. A Kanunkhiza asonkhanitsa anthu onse m'chipinda chochezera, atseka chitseko, ati tsopano ndinena. A Matewere anatembenuza tsamba. Chala chinaima. Anatembenuza buku, analigwedeza. Masamba omaliza panalibe. Panatsala timizu ta mapepala pa msana wa buku, basi.

Phokoso lake! Wina anati, agogo ingotiuzani za m'mutu mwanu, ife tidziwa bwanji? Iwo anati zimene sizili pa pepala sawerenga. A Namaona anatambasula dzanja, anatenga buku, analiyang'ana ngati nsomba ya pamsika.

“Ichi si chiswe. Chiswe chimasiya dothi. Si mbewa, mbewa imasiya mano. Ili ndi dzanja la munthu, ndipo wang'amba posachedwa, taonani m'mphepetemu moyera, buku lonse lili lofiirira.” Anawayang'ana m'maso. “A Khukhi, munasuzumira. Munapeza kuti ndi mnzanu wa kukhitchini, munang'amba. Ndiye ndifunse pamaso pa amayiwa. Mabuku ena aja, amene khukhi ankapulumuka nthawi zonse, munkatiwerengera za m'buku kapena za m'mimba mwanu?”

Mawu amenewo anagwa ngati mwala m'chitsime. Pakhonde ponse paja panalibe wodziwa Chingerezi, ndi mmodzi yemwe. Zaka zonsezo tinkadya zimene watipakulira munthu mmodzi, osaona m'poto. Ndivomere, ngakhale ine Esinati mtima unafunsa: kodi n'kutheka? A Matewere anatola zivindikiro zawo chimodzichimodzi, anathira njere m'dzanja, anapatsa nkhuku. 

Mawa lake magetsi anazima, nthungululu panalibe. Amayi ena anakakhala pansi pa mango, ena anapereka msana. A Matewere anakhoma zidebe tsiku lonse, kho kho kho, chigayo chili zii, nyundo ikumveka mpaka kumsika. Mkucha wake pakhonde panalibe munthu. Kanyumba kokhoma, njinga palibe. Otola nkhuni anati awaona m'bandakucha akukankha njinga chokwera mpata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi, malaya oyera, mvula yoyamba itagwa, msewu uli thope lokhalokha. Nkhalamba yopitirira zaka makumi asanu ndi awiri! Ikupita kuti? Kuseri kwa phiri. Kumene analumbira.

Za ulendowo sankakonda kukamba, tinazitola pang'onopang'ono ngati nandolo wogwa. Ankakumbukira kuti ku kalabu ya mabwana a esiteti kunali shelefu ya mabuku akale, amene iwo ankawapukuta fumbi akatumidwa kukathandiza pa maphwando. Anatsika ku Nkhulambe, anagona pa tchalitchi china, mawa lake anafika. Mlonda wa pageti anawakaniza. Anakhala pagetipo tsiku lonse, chipewa pa bondo. Madzulo khukhi wa pakalabupo akuweruka anawafunsa, madala mukudikira ndani? Atamva kuti ndi khukhi wakale, anati bwerani mawa, mudzalowere khomo lathu la kumbuyo. Buku lina la mkaka lofanana ndi lathu linalipo, lafumbi, lathunthu. Koma kutuluka nalo ayi. Ndiye anagula kope la ana a sukulu ndi cholembera, anakhala pa tebulo lodulira anyezi masiku awiri, akukopera chilembo ndi chilembo.

Apa ndiye ndimaima ine, ndimaimba. Taganizani anthuni! Analemba ndi dzanja lawo, akuona chimene akulemba. Pobwerera anali okha, njira yaitali, mitsinje yodzaza yoti kope n'kugweramo mosavuta. Ndani akanawafunsa? Akanati buku sindinalipeze. Akanati mvula yanyowetsa. Akanakhala pansi pa mtengo n'kulemba mathero ena okoma, ife tikanawomba m'manja.

Anafika Lachisanu masana, tsiku lachisanu ndi chimodzi. Malaya ofiira ndi thope, mapazi otupa osalowa m'nsapato, nsapatozo zili pa hendulo. Magetsi analipo tsiku limenelo, chigayo chikubangula, mzere mpaka kumsewu. Anatsamiritsa njinga, anakhala pamalo pawo, anatulutsa kope m'pepala la pulasitiki. Mbiri inathamanga. A pamsika anasiya tomato, a pa mjigo anasiya ndowa, mkulu wa mpingo uja anafika thukuta lili kamukamu. Koma timva bwanji m'phokoso? Tonse tinatembenukira kwa Dayisoni, bambo woyendetsa chigayo.

“Dayisoni, zimitsa!”

Tinkayesa akana, ati abwana andichotsa ntchito. Sanakane. Anapita, anagwetsa chitsulo chija, chigayo phwii. Babu la pakhomo likuyaka, masana, chigayo chili chete! Chiyambire sizinachitikepo.

A Namaona anawoloka msewu, manja m'chiuno.

“Kopelo mwalemba ndinu, a Khukhi. Tidziwa bwanji kuti ndi za m'buku?”

“Mumva, achemwali. Khalani pansi.”

Anayamba. Mawu onse anali pamalo pake, a m'mphuno, opyapyala, onenepa, ngati munthu amene sanayende ulendo. A Kanunkhiza ati, mkazi wamng'onoyu ndi wabodza, koma si wakupha. Ee! Dokotala ndi waulesi, koma si wakupha. Ee! Mphwake, mphwake amene njere zathu zambiri zinagwera, ati usiku umenewo anali kwa chibwenzi chake, ankabisa chifukwa cha manyazi. Amayi anagwira pakamwa. Panatsala chivindikiro chimodzi m'mitu mwathu. A Matewere anavula magalasi. Sanapukute. Anangowagwira, anapuma, anavalanso.

Anawerenga za kapoto kotsukidwa. Anawerenga za madzi otayidwa kuseri kwa mpanda, ndi mbalame ziwiri zimene a Kanunkhiza anazipeza zitafa pamenepo. Ndipo khukhi wa m'bukumo ataimirira kuti avomere, kuti bwanayo anathamangitsa mwana wamkazi wa khukhiyo ali ndi pakati nyengo yozizira, mwana n'kufera panjira, iye n'kudikira zaka makumi awiri akumutenthetsera mkaka, a Matewere sanamupangire mawu. Anamuwerenga ndi mawu awoawo, a tsiku ndi tsiku, amene ankatiuzira kuti chidebe chako chatha. Sanadumphe mzere. Anafika pa dontho lomaliza, anatseka kope.

“Achemwali, njere yanu. Khukhi ndiye anapha. Ine ndinalakwa.”

A Namaona amene ankavina akalondola, tsiku limenelo sanavine. Anadzuka, anawoloka msewu. Tinati akwiya, kapena akukatenga chiyani? Anabwera ndi beseni la madzi ofunda a pamoto pawo ndi kansalu. Anagwada pa ufa pomwepo, anatenga phazi la a Matewere.

“Achemwali, mukutani? Anthu akuona.”

“Aone. Khalani phee. Mapazi ngati chinangwa chofukulidwa dzana.” Anathowa, anathowa. “Munayenderanji ulendo wonsewu, nkhalamba yopanda nzeru inu? Mukanangonditukwana, zikanatha.”

“Kutukwana kukanabweza masamba?”

A Namaona anakweza mutu, anayang'ana ife tonse. “Amayi, mawu ndinanena aja ndinanenera pano, ndiye ndikuwabwezera pano. Bambo awa amawerenga za m'buku. Pakamwa pangapa panalakwa.” Anafinya kansalu. “Koma za kapoto ndinalondola.”

Apo ndiye ine ndinaiyamba nthungululu, ine Esinati, ndinaiyamba ndi khosi lonse! Inagwira khonde, inagwira msewu, a pa minibasi anasuzumira kuti kodi kuli ukwati. Ndinavina ndi lichero langa m'manja, ufa uli mbuu m'mwamba. Tinali ndi munthu ife, tinali naye!

Wong'amba masamba uja tamudziwa pamaliro pomwepa. Dayisoni, tsopano naye wa imvi, anapempha kulankhula. Anati buku linatsala pakhonde tsiku lina, iye fodya wake wa chingambwe alibe pokulungira, anaona mapepala ofewa bwino, anati a kumbuyo alibe ntchito, nkhani imakhala kutsogolo. Anasuta mathero athu munthu uyu! Anthu pa maliro anaseka akulira. Koma anati mverani zotsala. Tsiku lobwerera kuchokera kuseri kwa phiri lija, anthu atabalalika, a Matewere anamuitana, anamunong'oneza kuti, mwana wanga, ukafuna pepala la fodya uzindipempha, nyuzipepala zakale ndili nazo. Ankadziwa. Ankadziwa asanakwere njinga. Akanangotchula dzina la Dayisoni tsiku loyamba lija, mlandu wawo ukanathera pomwepo. Koma kuloza chala wantchito pamaso pa gulu, ayi, bola kukwera phiri.

Kuchokera tsiku la kope lija anthu anayamba kubwera ndi mapepala ena. Kalata ya kuchipatala, kalata ya kukhoti, kalata ya mwana wa ku Joni, pepala la munda. Odziwa kuwerenga analipo ambiri, ana a sekondale ali mbwee m'midzi. Koma mwana wako amakuonera chisoni, amadumpha mzere wowawa, wachibale amadumpha mzere umene ukumupweteka iye. Anthu ankati tiyeni kwa a Matewere, aja anawerenga zowagonjetsa okha. Ndipo ankawerenga. Zikakhala zowawa ankayamba akufunsa ngati wadya, ankakupatsa mpando wawo, kenako n'kuwerenga zonse, osasiya ndi chimodzi chomwe. Maso atayamba kuchita nkhungu ankaika pepala pafupi ndi mphuno, pena kutuluka nalo padzuwa, koma sanasiye mpaka chifuwa chinawagoneka mwezi wathawu.

Lachiwiri ndinapita kukagaitsa, koyamba chiwaikire. Pakhonde paja ufa wagona wosasesa, nkhuku zalembapo mapazi. Pakhoma pali chizindikiro chakuda pamene ankatsamira mutu. Zidebe zitatu za eni zili pomwepo chozondoka, chimodzi chodulidwa kale pansi, lata lake latsopano lili pambali, silinakhomedwe. Mpando anatenga achibale, patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya simenti.

Ndili pa mzere panafika mayi wina wa kutali, wa kuseri kwa Michesi, mwana kumbuyo, kalata m'manja. Sanamve za maliro. Anaima pakhondepo, anayang'ana kumanzere kwa chitseko, anayang'ana ife.

“Agogo owerenga aja ali kuti?”

Tinamuuza. Mtsikana wina wa yunifolomu anati, bweretsani mayi, ndikuwerengereni. Mayiyo anamuyang'ana, anayang'ana kalata, anaigwira pachifuwa.

“Uwerenga zonse?”

A Namaona anayankha ali tsidya, pansi pa mango, mawu okalamba koma akuthwabe.

“Awerenga zonse. Pakhonde pamenepo sadumphapo mzere. Iwe mtsikana, khala pansi pomwepo pa ufapo, uyambire poyambira, ine ndikumva.”

Mtsikana anakhala pakati pa timaenje tinayi tija, anatambasula kalata pa bondo, anaika chala pansi pa mzere woyamba.